Makadi a malembo ndi maphatikizo omwe ndinagulira mdzukulu wanga

Mu Januwale ndinagula makadi ophunzitsira kuwerenga Chichewa m'sitolo ina ya mabuku ku Limbe, nditazindikira kuti mdzukulu wanga wa Sitandade 1 ankangoloweza masamba a buku lake, ndipo mawu omwewo ndikawalemba pakapepala ankangondiyang'ana kumaso. Takhala tikuwagwiritsa ntchito pakhonde madzulo aliwonse kwa miyezi itatu tsopano.

Chomwe ndawakondera n'chakuti makadi ambiri ali ndi lembo limodzi kapena phatikizo limodzi lolembedwa mokuza, kotero kuti diso la mwana limaona kaimidwe ka lembo pamene pakamwa pakutchula liwu lake. Njirayi ikugwirizana ndi kaphunzitsidwe ka National Reading Programme, ndondomeko yophunzitsira ana kuwerenga imene boma linakhazikitsa mu 2016, ndipo imayenerana bwino ndi chiyankhulo chathu, popeza malembo a liwu ndi asanu okha ndipo mawu ambiri amalembedwa monga amamvekera. Poyamba mdzukuluyo ankasokoneza b ndi d, pakuti m'maso mwake onse anali ndodo yokhala ndi mimba. Titaika khadi la ba pambali pa la da, n'kumuuza kuti amve milomo yake ikugundana potchula ba, chisokonezocho chinayamba kutha. Tsiku limene anayala yekha makadi awiri pamphasa n'kuwerenga kuti "bala", anathamanga kukauza amayi ake kukhitchini.

Zithunzi za pamakadi ena, komabe, zimamupatsa mwana mpata wongolota. Pakhadi lolembedwa "nkhuku" anajambulapo nkhuku ya lipombo lalikulu, ndipo mdzukulu wanga anafuula molimba mtima kuti "tambala" asanayang'ane lembo ndi limodzi lomwe. Kuyambira pamenepo ndimaphimba chithunzi ndi chikhatho mpaka atamaliza kuphatikiza.

Chondidandaulitsa kwambiri n'chakuti m'paketimo mulibe makadi apadera a ph, th, kh, tch ndi ng', pamene awa ndiwo maliwu ovutitsa ana. Mwana ayenera kumva ndi kuona kuti kuponya si kuphonya, komanso kuti ng' wa mu ng'ombe si ng wa mu ngozi. Ndinachita kudula katoni ya sopo n'kulembapo ndekha maphatikizo osowawo.

Makolo amene ana awo akuyamba kumene kuzindikira malembo angapindule nawo makadiwa, bola akhale pansi ndi mwanayo kuti azimva mmene akutchulira. Mapepala ake ndi opyapyala, choncho ife timawasunga m'jumbo kuopa chinyezi.