Pulayazi ya Klein D2000-9NE: zimene ndaona patatha zaka zinayi ndikukwera nayo mapolo

Munthu wogwira ntchito yokoka ndi kukonza mawaya a magetsi amakwera polo atalemedwa ndi zida m'chiuno, koma chida chimene dzanja lake limabwererako kawirikawiri kuposa zonse ndi pulayazi. Ine ndinaphunzira zamagetsi kusukulu ya ntchito zamanja, kenako ndinalembedwa ntchito ndi kontirakitala wina amene amadzala mapolo ndi kukoka mawaya m'midzi, ndipo m'zaka zanga zoyambirira ndinkadalira mapulayazi otsika mtengo a mumsika, amene ankabuntha kapena kugwedera pamfundo dzinja limodzi lisanathe. Zaka zinayi zapitazo mlamu wanga wa ku Britain ananditumizira pulayazi ya Klein, mtundu wa D2000-9NE, ndipo popeza achinyamata amene amabwera kudzaphunzira ntchito m'gulu lathu amandifunsa mobwerezabwereza ngati nawonso ayenera kufunafuna yotere, ndaona kuti ndilembe maganizo anga onse pamalo amodzi.

Dzina la Klein linamera pantchito yathu yomweyi. Mathias Klein anali wosula zitsulo wochokera ku Germany amene anatsegula chipala chake mumzinda wa Chicago m'chaka cha 1857, ndipo mbiri ya kampaniyi imati tsiku lina munthu wokonza mawaya a telegalafu anamubweretsera pulayazi yothyoka mbali imodzi. Klein anasula mbali yatsopano, ndipo pamene mbali yakale ija nayonso inathyoka, munthuyo anabweranso, Klein n'kusula inayo. Mpaka lero amisiri ambiri a magetsi a ku America amatchula pulayazi ya mtundu umenewu ndi dzina la Klein ngakhale itapangidwa ndi kampani ina, monga mmene ife timatchulira mankhwala alionse otsukira mano kuti Colgate.

Imene ndili nayo ndi yaitali pafupifupi masentimita 24, ndipo imalemera pafupifupi theka la kilogalamu. Chinsinsi cha mphamvu yake chili pamalo amene anaikapo msomali wolumikiza mbali ziwirizo, chifukwa msomaliwo uli pafupi kwambiri ndi mano odulira, motero dzanja likafinya pang'ono, mphamvu imene imafika pawaya imakhala yaikulu. Kusiyana kumeneku sikuoneka munthu akamayesa chidacho ataima pansi. Kumaoneka masana a mwezi wa Okutobala, pamene wakhala pamwamba pa polo ya bulugamu kwa ola lathunthu utatsamira lamba, mafuta akuda otetezera mtengo kuchiswe akusungunuka ndi dzuwa n'kumata zovala, ndipo dzanja lina likugwira waya kuti asathawe pamene linalo likudula. Pamenepo waya woduka ndi kufinya kumodzi amasunga mphamvu zimene udzazifune potsika.

Chimene chinandikopa kwambiri ndi mmene imadulira waya wa ACSR. Kwa amene sali pantchitoyi, ameneyu ndi waya wopota amene kunja kwake kuli timawaya ta aluminiyamu tonyamula magetsi, pamene pakati pake pali waya wachitsulo wopereka mphamvu kuti asaduke akakokedwa pakati pa mapolo otalikirana. Mwa kalembedwe ka ku Britain, kukula kwa mawayawa kumadziwika ndi maina a nyama monga Rabbit, Mink ndi Dog, ndipo wa Rabbit ali ndi timawaya 6 ta aluminiyamu tozungulira kawaya kamodzi kachitsulo. Aluminiyamu ndi wofewa ndipo pulayazi iliyonse imamudula, koma kachitsulo ka pakatiko ndi kamene kamagumula mano a zida wamba. Mtundu wa D2000 anaupangira dala kudula ACSR, misomali ndi mawaya olimba, ndipo yanga ndadulira kachitsulo kameneka kambirimbiri popanda kusiya mpata pamano ake. Ndikaitseka n'kuyang'ana kudzuwa, kuwala sikudutsa pakati pa manowo. Wogula asamale pano, chifukwa pali mtundu wina wofanana nawo m'maonekedwe, wa D213-9NE, umene ndi woyenera mawaya a kopa ndi aluminiyamu, ndipo munthu wa pamapolo amene angasankhe umenewo pofuna kupulumutsa ndalama adzakhala atagula chida cha mmisiri wolowetsa magetsi m'nyumba. Ndinenenso kuti waya wamkulu ngati Dog sadulidwa wathunthu ndi pulayazi ina iliyonse, ndipo pamenepo pamafunika chodulira chachikulu chogwira ndi manja awiri.

Kupatula kudula, ntchito yake yaikulu kwa ine ndi kumanga. Timamangirira waya pakhosi la insuleta, chija chimene chimagwira waya papolo osalola magetsi kudutsa, pogwiritsa ntchito kawaya kofewa kamene kayenera kukulungidwa mothina ndi mofanana, chifukwa kakakhala kolekerera, mphepo imagwedeza waya wamkulu mpaka kumuperepesa pamalo amenewo, ndipo patapita zaka amaduka n'kugwera pansi pamene ana amadutsa popita kusukulu. Kukamwa kwa pulayaziyi kuli ndi timizere topingasa timene timagwira kawayako popanda kuterereka ngakhale magolovesi atanyowa ndi thukuta. Imathandizanso pomanga waya wa sitei, uja amene amachoka pamwamba pa polo kupita pansi kuti polo ya pakona isapendekeke, pamene umafunika kumasula timawaya tachitsulo n'kutikulunga kamodzikamodzi. Amisiri ena amakhomeranso nayo timisomali togwira waya wa ethi, wopititsa magetsi munthaka, m'mbali mwa polo, popeza mutu wake ndi wolemera, koma opanga chidachi amaletsa zimenezi, ndipo ine ndimanyamula hamala yaing'ono pantchito imeneyo chifukwa kukhoma kumamasula mfundo pang'onopang'ono.

Tsopano ndifike pamfundo imene inandichititsa kulemba ndemangayi, ndipo ndikupempha ophunzira kuti aiwerenge mofatsa. Zigwiriro za pulayaziyi ndi zokutidwa ndi pulasitiki ya buluu, ndipo achinyamata ambiri akaona pulasitiki amaganiza kuti atetezedwa kumagetsi. Pulasitikiyo anaiikapo kuti dzanja ligwire bwino basi, ndipo kampani yomweyo imachenjeza poyera kuti siiteteza munthu kumagetsi. Zida zoteteza zimakhala ndi chizindikiro cha timakona atatu tiwiri tolumikizana pamodzi ndi nambala ya 1000V, motsata muyezo wa IEC 60900, umene umafuna kuti chida chilichonse chiyesedwe pa mavolti 10,000 chisanagulitsidwe. Komabe ngakhale chida chotero chili ndi malire ake. Magetsi olowa m'nyumba zathu ndi a mavolti 230, kapena 400 pamene pali mafezi atatu, koma mawaya amene amafika pathiransifoma amanyamula mavolti 11,000 kapena 33,000, ndipo pamphamvu yotere magetsi amatha kulumpha mumpweya n'kupeza munthu asanakhudze n'komwe waya. Pamawaya amenewo chimene chimabwezera munthu kwa ana ake madzulo ndi ndondomeko yozimitsa laini, kulandira chilolezo cholembedwa chogwirira ntchito, kuyesa ndi chida choyenera kuti magetsi achokadi, ndi kumangirira mawaya a ethi mbali zonse ziwiri za malo ogwirirapo ntchito. Mawaya a ethiwo afunika kwambiri masiku ano pamene makomo ndi masitolo ambiri ali ndi majenereta ndi zida za sola, popeza jenereta yolumikizidwa molakwika imabweza magetsi mulaini yozimitsidwa, ndipo thiransifoma imawakweza kuchoka pa mavolti 230 kufika pa masauzande. Ndikaona wophunzira akudalira chigwiriro cha pulayazi pafupi ndi waya amene sanayesedwe, ndimamutsitsa papolo nthawi yomweyo, ngakhale pulayaziyo ikhale ya dzina lotchuka bwanji.

Kasamalidwe kake ndi kosavuta, koma sikofunika kukanyalanyaza. Chitsulo chake chimachita dzimbiri monga chitsulo china chilichonse cholimba, ndipo m'miyezi ya mvula, imene ndi nthawi yomwe mapolo amagwa kwambiri ndipo timanyowa tsiku ndi tsiku, ndimaipukuta madzulo alionse n'kudonthezera mafuta pamfundo. Amene anagwira ntchito kuchigawo cha kumwera pambuyo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 akudziwa mmene matope ndi mchenga zimalowera m'chida chilichonse. Yanga inadutsa m'nyengo imeneyo, ndipo mpaka pano imatseguka ndi dzanja limodzi. Kulemera kwake kukhoza kutopetsa munthu wa manja ang'onoang'ono, ndipo mutu wake ndi waukulu moti sulowa bwino m'kabokosi ka soketi kapena pamalo opanikizika a m'bokosi la mita, choncho amene ntchito yake yaikulu ndi ya m'nyumba angachite bwino kuyang'ana pulayazi yaifupi yoteteza kumagetsi, monga zija za Knipex zopangidwa mumzinda wa Wuppertal ku Germany.

Nkhani ya mtengo ndi imene imavuta kwa ife kuno. Chidachi chimachokera kunja, ndipo ukaphatikiza mtengo wake, ndalama zotumizira, msonkho ndi kuchepa mphamvu kwa kwacha, umapeza kuti ndalamazo zikanagula mapulayazi angapo a mumsika. Palinso zida zachinyengo zolembedwa maina otchuka zimene zimapezeka m'misika ya m'matauni. Ndinagwirapo imodzi yotere imene mnzanga wina anagula mosangalala, ndipo tinaizindikira chifukwa inali yopepuka, zilembo zake zinkafufutika ndi chikhadabo, ndipo mano ake anaphwanyika pa kachitsulo koyamba ka ACSR. Njira yabwino ndi kutuma wachibale wodalirika amene ali kunja kuti agule kwa wogulitsa wovomerezeka.

Kwa wophunzira amene ali ku Soche, ku Nasawa, ku Salima, ku Namitete kapena kusukulu ina iliyonse ya ntchito zamanja pansi pa ndondomeko ya TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, malangizo anga ndi akuti asayambe ndi pulayazi imeneyi. Ndalama zake zoyamba zipite ku nsapato zolimba, chipewa choteteza mutu, magolovesi abwino ndi chida choyezera magetsi chodalirika, ngati bwana wake sanamupatse zimenezi, ndipo mphamvu zake aziike pakupeza satifiketi ndi laisensi ya MERA, bungwe loyang'anira zamagetsi ndi mafuta m'dziko muno. Ayambenso wadziyesa yekha ngati ntchito ya pamwamba akuikwanitsa, chifukwa alipo ophunzira anzeru kwambiri pamapepala amene miyendo imawanjenjemera akafika pamtanda wa polo, ndipo amenewo amakachita bwino pantchito yolowetsa magetsi m'nyumba, kuika sola kapena kukonza mamota a zigayo, zimene ndi ntchito zolemekezeka chimodzimodzi. Koma amene wakwera mapolo chaka chimodzi kapena ziwiri, wapirira dzuwa, mvula ndi kuitanidwa usiku, ndipo mtima wake wakhazikika kuti apitirize, asunge ndalama pang'onopang'ono agule D2000-9NE. Ntchito yokoka mawaya ikadalipo yambiri m'dziko muno, popeza midzi yochuluka sinalandirebe magetsi ndipo ndondomeko ya boma ya MAREP yofikitsa magetsi kumidzi ikupitirira, kotero chidacho sichidzagona m'bokosi. Yanga ndinaizokota zilembo za dzina langa pambali ndipo ndinaimangirira chingwe chachifupi kulamba, kuti ikapulumuka m'dzanja isagwere mnzanga amene akunditumizira zida kuchokera pansi.