Lichess, bwalo la chesi lomwe silifunsa zaka

Ndili ndi zaka 61, ndipo kwa zaka zitatu tsopano ndakhala ndikusewera chesi pa Lichess pafupifupi madzulo aliwonse. Anandiikira pa foni ndi mdzukulu wanga wamkazi, ali ndi zaka 11. Chandilembetsa lero ndi mkangano umene unabuka m'kagulu kathu ka osewera, chifukwa ndi umene unanditsegula maso kuona chimene ndimaikondera pulogalamuyi.

Tilipo anthu opitirira pang'ono makumi awiri, ndipo timakhala ndi mpikisano wathu Loweruka lililonse. Lichess imalola aliyense kukonza mpikisano n'kuutseka ndi mawu achinsinsi kuti muzilowa odziwana okha, osalipira kalikonse. Tsiku lina bambo wina wamkulu kuposa ine anapempha kuti ana osakwana zaka 18 tiwapatule, azisewera okhaokha. Ankati ana alibe ulemu, amasewera ngati akuthawa moto, ndipo masewero akatha sanena n'komwe kuti zikomo. Mnyamata wa zaka 15 sanachedwe kuyankha. Anati akuluakulu ndi amene zikawavuta amangoisiya foni, wotchi n'kumayenda mpaka nthawi kutha, mnzawo ali dwii kudikira. Nkhani inakula. Uyu akuti mwana ndi mwana basi, uyo akuti imvi si nzeru.

Ine ndinayamba ndakhala chete, chifukwa zonse ziwirizo ndinali nditazionapo.

Lichess inayambitsidwa mu 2010 ndi Thibault Duplessis wa ku France. Ndi yaulere yonse, mulibe zotsatsa malonda, ndipo imayenda ndi zopereka za amene aikonda. Pa tsamba la wosewera pamaoneka dzina limene wadzipatsa, mbendera ngati waifuna, ndi manambala osonyeza mphamvu zake. Zaka zake sizioneka paliponse. Aliyense amayambira pa 1500, pambali pake pali chizindikiro cha funso chosonyeza kuti nambalayo sinakhazikike, ndipo nambalayo imakwera kapena kutsika malinga ndi mmene ukusewerera, potsata kawerengedwe kotchedwa Glicko-2. Ukafuna mnzako wosewera naye, imakupezera wa msinkhu wako pa chesi, kaya ali kusukulu ya pulayimale kaya anapuma kale pa ntchito.

Pa nkhani ya luso, mkanganowu sukanapita patali. Gukesh Dommaraju wa ku India anapambana mpikisano wa Candidates, wosankha wokalimbana ndi katswiri wa dziko lonse, ku Toronto mu 2024 ali ndi zaka 17, ndipo mu Disembala chaka chomwecho anagonjetsa Ding Liren ku Singapore n'kukhala katswiri wa dziko lonse ali ndi zaka 18. Mbali inayi, Viktor Korchnoi anagonjetsa Fabiano Caruana ku Gibraltar mu 2011, iye ali ndi zaka 79, mnyamatayo 18. Koma bambo aja sankanena za luso. Ankanena za khalidwe, ndipo apa m'pamene ndimaona kuti amene anakonza Lichess anaganiza mofatsa.

Usiku wina ndinasewera ndi munthu wa m'kagulu kathu komweko, bambo wa ana akuluakulu. Ndinamutchera msampha, mfumukazi yake inagwa, ndipo anali atatsala ndi mphindi zisanu ndi zitatu. Sanasunthe kanthu. Sanadinenso kambendera kovomera kugonja. Ndinakhala ndikuyang'ana manambala a wotchi yake akutsika limodzilimodzi, mtima ukundiwawa, osati chifukwa cha mphindizo koma chifukwa ndinkamudziwa munthuyo. Lichess imachenjeza ochita zimenezi, ndipo amene wazolowera imamuletsa kusewera kwa kanthawi. Ngati mnzako watulukiratu m'masewero, pakapita nthawi pang'ono pamabwera batani loti utenge chipambano. Chilangocho chimatsata zimene munthu wachita, sichifunsa kuti anabadwa liti.

Patapita masiku ochepa mdzukulu wanga ankasewera atakhala pambali panga. Anasiya hatchi yake poyera, kenako inatsatira mfumukazi. Ndinaona makutu ake akuchita kutentha, mlomo ataluma. Anayesa kulimbikira kangapo, ataona kuti palibe potulukira anadina kambendera kaja, n'kutumiza kauthenga kothokoza mnzake komwe kamakhala kokonzeratu pansi pa bolodi. Kenako anapempha kompyuta kuti iunike masewerowo. Pulogalamu younika masewero yotchedwa Stockfish imakuonetsa pamene unaphonya pang'ono, pamene unalakwitsa, ndi pamene unadzigwetseratu m'mbuna, n'kukupatsa mpata woti upeze wekha njira yabwino. Anakhala pamenepo mphindi khumi. "Agogo, taonani, vuto silinayambire pa hatchi ayi, linayambira pa kaponi aka," anatero akuloza ndi chala.

Pali chinthu china chimene bambo odandaula aja sankachidziwa, ndipo nditawafotokozera anafatsa. Lichess ili ndi Kid mode, imene kholo limayatsa pa akaunti ya mwana. Ikayatsidwa, mwanayo salandira kapena kutumiza uthenga kwa anthu osawadziwa, ndipo kuti izimitsidwe pamafunika mawu achinsinsi a akauntiyo. Ana angapo a m'kagulu kathu amene ankaoneka amwano anali otsekeredwa chonchi ndi makolo awo, moti ngakhale akanafuna kuthokoza analibe polembera. Ine ndikanakonda pakanakhala njira yapakati, yoti mwana azitha kupereka moni ndi kuthokoza kokha. Komabe ndimayamikira kuti chisankho chili m'manja mwa kholo, limene limamudziwa mwanayo. Mayi ake a mdzukulu wanga anamutsegulira atamuona kwa miyezi mmene amachitira akagonja, osati chifukwa tsiku lake lobadwa linakwana.

Kwa anzanga amene maso ndi zala zinayamba kuchedwa, musalimbane ndi masewero a mphindi imodzi kapena zitatu. Sankhani a mphindi 15 owonjezera masekondi 10 pa kusuntha kulikonse. Ndipo ngati nambala ya mnzanu imakuopsani, yatsani Zen mode, imabisa zonse n'kukusiyirani bolodi ndi wotchi. Intaneti yokha ikhale yokhazikika, chifukwa wotchi siyimirira kukudikirani.

Kagulu kathu sitinakagawe. Tinagwirizana kuti amene wasiya wotchi kuyenda dala kawiri aziphonya Loweruka lotsatira, kaya ndi ndani. Tinatalikitsanso nthawi ya masewero kuti akuluakulu asamapanikizike. Bambo aja akubwerabe, ndipo mnyamata wa zaka 15 uja ndi amene tinamupatsa ntchito yokonza mpikisano ndi kutitumizira mawu olowera Lachisanu lililonse madzulo.