Lupanga ku Spain, Malonda ku Indonesia

Anthu akamatsutsana ngati kulumikizana kwa mayiko masiku ano kuli utsamunda womwewo, ndimawakumbutsa njira ziwiri zimene Chisilamu chinadzera.

Ku Spain chinalowa ndi asilikali m'chaka cha 711. Mzinda wa Córdoba unatchuka ndi maphunziro, koma Granada, mzinda womaliza wolamulidwa ndi Asilamu, utagwa m'manja mwa mafumu achikhristu mu 1492, Asilamu anawakakamiza kusiya chipembedzo chawo, kenako n'kuwapirikitsa.

Ku Indonesia chinabwera ndi amalonda. Ankakhala miyezi m'madoko a chilumba cha Sumatra kudikira mphepo yobwerera kwawo, ena n'kukwatira komweko, akuswali anthu akuona. Mafumu a m'madoko anachilandira, ena pofuna malonda ndithu. Lero kuli Asilamu oposa 200 miliyoni.

Ine ndimakonda njira yachiwiriyi, ngakhale sindiiwala kuti zombo zina za amalonda zinkanyamulanso akapolo.