Ana atatu, mayi mmodzi: sayansi ya pakhomo mwa njira iti?

Ndimaphunzitsa ana anga atatu pakhomo kuno ku Katoto, mumzinda wa Mzuzu. Chisamba ali ndi zaka 14, wapakati 10, mzime 6. Masamu ndi Chingerezi sizinandivutepo kwenikweni, aliyense amakhala ndi buku lake. Sayansi ndiyo inandizunguza mutu, chifukwa imafuna kugwira ndi kuyesa, pomwe ine manja ndili nawo awiri okha. Ndayesa njira zitatu.

Ndinayamba ndi silabasi ya kuno, mwana aliyense kutsata kalasi yake ndi mabuku a Malawi Institute of Education ya ku Domasi. Mabukuwa ndi otsika mtengo, amapezeka m'tauni muno, ena mumawerenga ku laibulale ya National Library Service. Zitsanzo zake mwana amazidziwa kale: nkhokwe, manyowa, udzudzu ndi malungo, kukokoloka kwa nthaka. Chachikulu n'choti njirayi imalunjika ku mayeso a MANEB, a PSLCE mu Sitandade 8, JCE mu Fomu 2 ndi MSCE mu Fomu 4. Koma pakhomo imatopetsa. M'mawa umodzi ndimayenera kufotokoza ziwalo za thupi kwa wina, magetsi kwa wina, wamng'ono akukoka chitenje kuti naye ayambe. Mapeto ake ndinkangowauza kuti akopere manotsi. Analoweza bwino, koma ukawafunsa kuti "chifukwa chiyani?" ankangoyang'ana kudenga.

Njira yachiwiri, silabasi ya ku Britain ya Cambridge, ndinaiyesa chaka chimodzi ndi mabuku obwereka kwa mayi mnzanga wa ku Luwinga. Imayenda masiteji 1 mpaka 6 ku pulayimale, 7 mpaka 9 pambuyo pake, kenako mayeso a ku sekondale otchedwa IGCSE. Ndiikonda pa chinthu chimodzi: mwana amazolowera kulosera zomwe zichitike, kuyesa, n'kulemba zomwe wapeza, ngakhale zitsutsane ndi zomwe amaganiza. Ilinso ndi pepala la Alternative to Practical, loti mwana wopanda labu amalemba m'malo mogwira zida, pomwe ku MSCE mayeso a pulakitiko a Biology, Physics ndi Chemistry amafuna kuti mwana akhale atazolowera labu. Vuto ndi thumba. Mabuku ndi ndalama za mayeso zimayendera ndalama zakunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tinangoyang'anana ndi bambo a m'nyumba muno, nkhani n'kuthera pomwepo. Onjezanipo kuti British Council, yomwe imalembetsa ana osakhala pasukulu, ili ku Lilongwe, makilomita oposa 300 kuchokera kuno.

Njira yachitatu ndiyo imene ndakhazikikapo: mutu umodzi kwa onse atatu, koma aliyense azame monga mwa msinkhu wake. Sabata ina tinawiritsa maluwa a chidede, madzi ake ofiira tinawagawa m'matambula atatu. M'tambula yoyamba mzime anafinyiramo ndimu, madzi anawala kufiira kwake. M'yachiwiri tinathiramo chidulo chomwe chija timaphikira therere, madzi anasanduka obiriwira, mwana n'kukuwa kuti ndachita matsenga. Ntchito yake inali kujambula mitunduyo basi. Wapakati anazungulira m'khitchini kuyesa viniga, soda, sopo ndi mchere, n'kuziika m'magulu. Chisamba analemba za ma asidi ndi ma alkali, za pH, n'kufotokoza chifukwa chake madzi obiriwira aja amabwerera ku kufiira ukawonjezera ndimu. Kukonzekera kunali kumodzi, ndalama sindinawononge, ndipo wamkulu pofotokozera azing'ono ake ndi pomwe ndinaona pamene iye mwini sanamvetse.

Tsiku lina buku linatitsutsa. Limati madzi amawira pa madigiri 100, koma thermometer yathu inakakamira pa 96. Wapakati anati ndi yowonongeka, ine ndinatsala pang'ono kuvomera. Chisamba ndiye anakumbuka kuti Mzuzu ili pamtunda, mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa pamtunda supanikiza madzi kwambiri, motero amawira msanga. Titatsikira ku Nkhata Bay kukaona azakhali awo tinanyamula thermometer ija, ndipo kumeneko inafika cha pa 98. Phunziro limenelo sindinalikonze, ndipo likanatiphonya aliyense akanakhala pangodya yake ndi buku lake.

Ndisakunamizeni, njirayi ili ndi mabowo. Mumatsata zimene zakusangalatsani, ndiye mitu youma imatsalira. Ndinadzidzimuka nditapeza kuti chisamba amadziwa zambiri za zomera ndi nyengo, koma kuwerengera za mphamvu ndi liwiro sakuzitha, ndipo mayeso samva zoti munali otanganidwa ndi chidede. Pano ndinamata mndandanda wa mitu ya silabasi ya kuno kuseri kwa chitseko, ndimachonga zomwe tadutsa.

Za pa intaneti, monga Khan Academy ndi PhET ya ku University of Colorado Boulder, ndimazitenga ngati ndiwo, osati nsima. PhET, yomwe mwana amayeserapo zasayansi pakompyuta, ndi yaulere, mutha kuitsitsa kamodzi n'kumagwiritsa ntchito popanda bandulo, ndipo pa nkhani ya ma circuit yatipulumutsa. Mavidiyo amadya bandulo, komanso mwana wa zaka 6 amangoonera ngati katuni.

Tsono mukandifunsa, ana a Sitandade 1 mpaka 6 aphunzitseni pamodzi, kaya mukulowera ku MANEB kapena ku Cambridge. Kuyambira Sitandade 7 sankhani mayeso amene mwana adzalembe, ndipo wamkuluyo muyambe kumupatula maola ena ndi buku la mayesowo. Ife tasankha MSCE chifukwa cha thumba. Chisamba adzalembetsa ngati wapadera, ndipo Loweruka lililonse kumabwera mtsikana wina wophunzira za uphunzitsi wa sayansi ku Mzuni kudzamuthandiza kuwerengera kwa Physics ndi Chemistry. Chatsala n'kupeza sukulu yoti itibwereke labu masana, chifukwa burette, chubu chagalasi choyezera madzi dontho ndi dontho, sindinaipezebe cholowa m'malo mwake m'khitchini muno.