Njinga ya magiya, yakuda ya akabaza, kapena Buffalo: iti ikuyenera kuno ku Mangochi?

Anzanga angapo akhala akundifunsa kuti agule njinga yanji, ndipo popeza ndinatayapo ndalama pa nkhani imeneyi, ndaona kuti ndiwayankhe onse pano.

Chaka chatha ndinagula njinga ya magiya ya kaunjika pa Boma. Inali yopepuka, ndipo pokwera zitunda za ku Chowe popita ku Namwera inkandithandizadi, chifukwa ndinkapalasa pamalo pomwe ena amatsika n'kumakankha. Koma kwathu ndi mbali ya ku Malindi, kumene njira zambiri ndi zamchenga. Kachitsulo kosinthira magiya kamalendewera pafupi ndi pansi, ndipo mchenga ukasakanikirana ndi mafuta a patcheni umadya mano a fuliwilo ngati tupa. Pasanathe miyezi inayi tcheni inayamba kulumpha. Tsiku lina nditanyamula dengu la usipa, kachitsuloko kanapindika n'kulowa m'masipoko, asanu n'kuthyoka nthawi yomweyo. Ndinaikankha mpaka pa M'baluku dzuwa lili paliwombo, usipa ndili nawo pamutu.

Chomwe chimandiwawabe n'chakuti wogulitsayo sanandiuze kuti zipangizo zake sizipezeka wamba. Okonza njinga awiri anangopukusa mutu. Wachitatu anandiuza kuti tcheni ndi fuliwilo ziyenera kusinthidwa pamodzi, apo ayi yatsopanoyo idzadyedwa ndi yakaleyo, ndipo zonse zitatha ndinali nditalipira pafupifupi theka la mtengo womwe ndinagulira njingayo.

Njinga yakuda ya matayala a mainchesi 28, yomwe akabaza amaikonda, ndi yolemera ndipo pachitunda imafuna mphamvu. Mabuleki ake azitsulo sagwira bwino limu ikanyowa, choncho nyengo ya dzinja muyenera kusamala potsetsereka. Koma giya ndi imodzi, tcheni ndi yokhuthala, ndipo chubu, sipoko kapena pedulo mumazipeza pansi pa mtengo wa mango uliwonse pomwe pali wokonza njinga. Ambiri amawotcheretsa keliyala yolimba n'kuika masipoko okhuthala kumbuyo, ndipo thumba la chimanga la makilogalamu 50 imalinyamula popanda kudandaula.

Buffalo, yomwe inabwera ndi bungwe la World Bicycle Relief, ili ndi keliyala yopangidwira makilogalamu 100, ndipo buleki yake imagwira mukapalasa chobwerera m'mbuyo. Kulimba kwake sindikutsutsa, koma mtengo wake ndi wokwera, ndipo musanagule yambani mwafufuza komwe mudzapeze zipangizo zake pafupi ndi kwanu.

Amene amakhala ku Namwera ndipo sanyamula katundu, ya magiya ingamuyenere. Amene ali ndi ndalama zokwanira agule Buffalo. Ine ya magiya ija ndinaigulitsa motchipa n'kugula yakuda, ndipo kuyambira Januwale ndangosinthako chubu chimodzi.