Zitsulo anawotcherera bwino, koma mawaya awo akanawotcha galimoto

Garaja ya ku Lilongwe imene inaika magetsi owonjezera pa Hilux yathu ndikuipatsa nyenyezi ziwiri, ndipo ziwirizo ndi za wowotcherera yekha. Ntchito inali yomanga light bar (nyali yaitali yopingasa) ya mawati 120 ndi ma spotlight awiri a mawati 40 lililonse pa bull bar (chitsulo chotchinga kutsogolo kwa galimoto), komanso kupanga zitsulo zogwira magetsiwo. Mtengo wa zinthuzi mukuudziwa kale, si ndalama yoti munthu n'kulandira ntchito yosalongosoka.

Usiku, pa msewu wafumbi wochokera ku Rumphi kupita ku Chelinda ku Nyika, m'galimoto munamveka fungo la pulasitiki wopsa, kenako utsi unayamba kutuluka pansi pa dashibodi. Chinatipulumutsa ndi sipanala ya 10, chifukwa tinathamangira kumasula waya wa batire. Kutacha ndi pamene tinaona zimene wa zamagetsi wa pa garajapo anachita. Waya wochokera ku batire analibe fyuzi ngakhale imodzi. Relay, kabokosi kamene kamatsegula ndi kutseka mphamvu yopita ku magetsi ukadina switchi, anakaiika m'kati, pansi pa dashibodi, choncho waya wonyamula mphamvu yonse anadutsa pa chitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala anthu, pa bowo loboola ndi dirilo, lopanda kalabala koteteza. Galimoto ikamagwedezeka, m'mphepete mwa bowolo munkacheka wayayo mpaka kopa anakhudza chitsulo n'kuchita shoti.

Masamu ake ndi osavuta. Mawati 200 pa mavoti 12 ndi ma amp pafupifupi 17. Pamenepo pamafunika waya wa 4 mm², fyuzi ya 25A pafupi kwambiri ndi batire, ndi relay ya 40A yomangidwa mu boneti momwemo. Batire ipite pa pini 30 ya relay, magetsi pa 87, ndipo m'kati mulowe kawaya kakang'ono ka switchi basi. Iwo anagwiritsa ntchito waya wa 1 mm², nkumangopota mfundo ndi manja n'kukulunga tepi. Tepi imamatuka ikamva kutentha kwa injini.

China chimene chinaonekeratu tsiku lotenga galimoto: ma spotlight ankayaka pa dimu, n'kuzima ukaika fulu. Hilux zakale zambiri zimayatsa magetsi akutsogolo podula mbali ya negative, ndiye ukalumikiza pini 85 ya relay ku chitsulo cha galimoto monga mwa masiku onse, zinthu zimatembenuka. Pini 86 iyenera kutenga positive pa pulagi ya babu, 85 ipite ku waya wa fulu. Munthu amene amagwira Toyota tsiku ndi tsiku sangalephere kudziwa zimenezi. Bambo wa pa kauntala anangoti "zizolowera", ngati kuti mawaya ndi nsapato zatsopano. Titabwerera ndi waya wosungunuka m'manja, bambo yemweyo anati vuto ndi msewu. Nanga magetsiwa tinagulira msewu wa tara wa m'tauni? Sanapepese, ndipo anafuna kuti tilipirenso kuti akonze.

Koma chilungamo chinenedwe, wowotcherera wawo ndi katswiri. Zogwira magetsi anadula pa chitsulo cha mamilimita 5, n'kuwotcherera katsulo ka ngodya zitatu pansi pa chilichonse kuti chisapindike. Zitsulo zopyapyala zimene zimabwera m'bokosi limodzi ndi magetsi zimasweka pa mpindiro zikakumana ndi mabampu, koma izi sizinang'aluke ngakhale pang'ono. Anamanga ndi mabawuti a M8 ndi manati a nayiloni m'kati, aja osamasuka okha. Asanayambe kuwotcherera anachotsa batire, ndipo anapaka primer, penti woyamba woteteza chitsulo, asanathire penti wakuda, moti mvula yadutsa popanda dzimbiri. Anatilangizanso kuti light bar isakwere padenga, chifukwa kuwala kumagunda boneti n'kukuthobwa m'maso, makamaka mukakhala fumbi kapena nkhungu ya ku Nyika. Anaiika motsika, koma anasiya mpata woti mphepo izifika pa rediyeta.

Magetsi enieniwo akuwala bwino, kungoti spotlight ya kumanzere yayamba kugwira nthunzi m'kati mwa galasi ngakhale pa bokosi analemba IP67, chizindikiro choti madzi ndi fumbi sizilowa.

Ngati mukufuna zitsulo, pitani kwa iwo. Mawaya mukapatse wa zamagetsi wina, ndipo musanalipire muuzeni akuonetseni pamene pali fyuzi, ayatse dimu ndi fulu inu mukuona.