Pepo wa m'nyumba: lavender, mauve, violet kapena plum?

Pa khadi la mitundu ya penti, pepo aliyense amaoneka bwino. Zimasintha akafika pakhoma la mamita anayi, chifukwa mtundu ukayalidwa pamalo aakulu umakula mphamvu kuposa momwe unalili pakapepala. Choncho musanayambe kusankha pakati pa wowala ndi woderapo, yang'anani kaye zinthu ziwiri: pepoyo wapendekera ku buluu kapena ku mtundu wofiira? Nanga muli kutuwa kochuluka bwanji? Chipinda chimakoma kapena kuipa pa mafunso awiriwa.

Lavender ndi pepo wowala wopendekera ku buluu. Amabweza kuwala kochuluka, motero kachipinda kakang'ono sikapanikizika, ndipo kumupaka kawiri pakhoma loyera kumakwana. Vuto lake ndi loti amatengera kuwala kumene wakumana nako. Pa babu loyera kwambiri, la 6500K, lomwe ndi limene limapezeka kwambiri m'magolosale, amasanduka buluu wozizira. Pa kandulo, magetsi akazima, amangotuwa mbuu, pepo yense osaonekanso. Sagwirizananso ndi simenti yofiira yapolishi: pansi pofiira ndi khoma la buluu zimakokana, maso osapeza popumira. Amakoma pa matailosi oyera kapena otuwa, m'chipinda chogona kapena m'bafa. Mnzake lilac ndi wowala chimodzimodzi koma watsamira pang'ono ku pinki, ndiye ngati mwakonda pepo wowala koma pansi panu ndi pofiira, tengani lilac.

Mauve ndi pepo wothiridwa kutuwa, wokhala ndi kapinki pang'ono. Pa khadi ndi amene anthu amamudumpha poganiza kuti ndi wosuluka kale, chonsecho pakhoma ndi amene amakhazikika. Kutuwako kumamuziziritsa moti mungathe kupaka makoma onse anayi a pabalaza osatopa naye. Amayenderana ndi mipando yamatabwa monga mbawa ndi mlombwa, makatani a kirimu, mphasa, ngakhale simenti yofiira ija. Fumbi la m'chilimwe silionekera msanga ngati pa lavender. Pa babu lachikasu pang'ono, la 3000K, amafunda n'kuyandikira pinki wakale. Pa la 6500K amatuwa koma osaipa. Pa mitundu inayi iyi, amene sakudziwa kuti atenge uti atenge ameneyu. Chenjezo lake ndi limodzi: m'chipinda cha mdima, cha kazenera kamodzi, mauve woderapo amaoneka ngati khoma lada ndi utsi, ndiye sankhani wowala ndi sitepe imodzi kuposa amene mwamukonda pa khadi.

Violet weniweni, wowala ngati maluwa a jakaranda mu Okutobala, ndi amene amakopa pa zithunzi za pa Facebook, makamaka chiyambire pamene kampani ya Pantone inasankha Ultra Violet kukhala mtundu wa chaka cha 2018. Kumupaka chipinda chonse n'kudzivutitsa. Amaponyera mtundu wake pa siling'i, pa zofunda ndi pankhope za anthu, ndipo dzuwa likamamuwomba tsiku ndi tsiku amasuluka msanga kuposa mitundu yotuwirako, moti mukadzachotsa chithunzi chopachika mumapeza kabokosi ka mtundu wosasuluka pakhoma. Malo ake ndi khoma limodzi la chipinda cha ana, shelefu, kapena chitseko cha kabati.

Plum ndi aubergine ndi pepo woderatu: plum wapendekera kofiira, aubergine wayandikira kwakuda monga khungu la biringanya. Akapakidwa bwino kumutu kwa bedi kapena kuseri kwa wailesi ya kanema, palibe pepo wina womuposa ulemu. Koma amameza kuwala. Makadi ena amalemba nambala ya LRV, yoyambira 0 mpaka 100, yosonyeza kuwala kumene mtundu umabweza. Aubergine amakhala pansi penipeni, nthawi zambiri osafika 10, pamene lavender wowala amatha kupitirira 60. M'nyumba yodalira kababu kamodzi ka sola, kusiyana kumeneku mumakuona usiku womwewo. Ndi wokweranso mtengo, chifukwa mitundu yoderatu amaisakaniza mu penti wopanda zoyeretsa zambiri, motero saphimba msanga khoma. Amafuna andakoti yotuwa (penti woyambirira wapansi) kenaka kupaka katatu. Mukamupaka molunjika pakhoma loyera, mizere ya rola imaonekabe ngakhale mutabwereza kanayi. Ganiziraninso mmene apabanja angamuonere: m'mipingo monga wa Katolika ndi wa Angilikani, pepo woderapo ndi mtundu wa Lenti, wa Adiventi ndi wa mwambo wa maliro, ndiye kwa ena pabalaza ponse pa mtunduwu sipawasangalatsa.

Za mazenera, samalani ndi malangizo a pa intaneti. Ambiri amalembedwa ku Britain ndi ku America, komwe chipinda choyang'ana kumpoto ndicho chozizira. Kuno ku Malawi, Zambia ndi South Africa ndi mosemphana: miyezi yambiri ya chaka dzuwa limadzera kumpoto, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, choncho chipinda cha zenera la kummwera ndicho chimalandira kuwala kozizira. M'menemo lavender amazizira kawiri. Ikani mauve kapena lilac. Zenera la kumadzulo limalowetsa dzuwa lofiirira la madzulo, lomwe limakometsa plum komanso kufunditsa lavender. Amene muli ku London kapena Manchester tsatani malangizo akumeneko.

Tiwerenge kuchuluka kwake. Tengani chipinda cha mamita 3 ndi 4, chotalika mamita 2.7. Kuzungulira makoma ndi mamita 14, kuchulukitsa ndi 2.7 tipeza masikweya mita 38. Kuchotsapo chitseko ndi zenera atsala pafupifupi 34. Lita imodzi ya penti wamadzi wa PVA imapaka masikweya mita 8 mpaka 10 pakhoma losalala, koma werengerani 8, chifukwa pulasitala wathu kawirikawiri amakhala wokhakhala ndipo amamwa penti. Lavender kapena mauve, kupaka kawiri, ndi malita 8.5, ndiko kuti zitini ziwiri za malita 5. Plum chipinda chonse, kupaka katatu, ndi malita pafupifupi 13, kuwonjezera apo malita ena 4 a andakoti. Khoma limodzi lokha la mamita 4 limatha malita 4 a plum ndi lita imodzi ndi theka ya andakoti. Apa mwaona chifukwa chake amisiri ambiri amati plum akhale wa khoma limodzi, otsalawo kirimu kapena woyera wofundirako.

Kenaka pali nkhani ya kunyezimira. PVA wosanyezimira amabisa mabampu a pulasitala ndipo pepo amaoneka wakuya, koma wotchipa sachedwa kuchoka mukamutsuka, ndipo pa plum pamene mwakhula ndi nsanza pamatsala banga lonyezimira. Wonyezimira pang'ono, wotchedwa silk kapena sheen, amapukutika bwino, ndiye woyenera pabalaza, m'khonde la m'kati ndi m'chipinda cha ana, kungoti amaulula pena paliponse pamene khoma lapindika. Fila ndi sandipepa zigwire ntchito kaye. Gulosi wamafuta musiyireni zitseko, mafelemu ndi mzere wa m'munsi mwa khoma. Pepo wa gulosi khoma lonse amathobwa m'maso, fungo lake limatenga masiku, ndipo pofuna kubwereza mumadikira maola 16 mpaka 24, pamene PVA amalola pakatha maola awiri mpaka anayi.

Pa kasakanizidwe ndi pamene ndalama zambiri zimatayika. M'masitolo ogulitsa penti wa makampani monga Plascon ndi Dulux, kumene kuli makina osakanizira, mtundu uliwonse uli ndi nambala yake, moti chitini cha lero ndi cha mwezi wamawa zimayandikana kwambiri. Njira inayo ndi yogula ndowa ya malita 20 ya PVA woyera n'kuthiramo timabotolo ta tinta. Ndi yotchipa, ndipo pa lavender wowala imatheka, bola mugule tinta wa violet weniweni. Kusakaniza wofiira ndi wa buluu, monga tinaphunzirira kupulayimale, kumatulutsa mtundu wamatope, chifukwa wofiira wa penti wa m'nyumba amakhala ndi kachikasu mkati, ndipo chikasu chikakumana ndi pepo chimamuzimitsa. Plum ndi violet musayese n'komwe kuwasakaniza pamanja: penti woyera sangadere kufika pamenepo, ndipo tinta akachuluka penti amachedwa kuuma n'kumadetsa zovala za otsamira khoma. Kaya mwasakaniza nokha kaya pa makina, thirani zitini zonse m'ndowa imodzi n'kutakasa musanayambe, kuti khoma lisasinthe mtundu pakatikati. Madzi asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo izi muziwauza a mmisiri poyambirira pomwe, chifukwa penti wosungunula kwambiri pa pepo amatuluka mawangamawanga.

Khoma latsopano lidikire milungu inayi kuti pulasitala aume, kenaka lipakidwe pulaima wa pulasitala. Simenti yaiwisi imadya mtundu, ndipo pa pepo woderapo zimaonekera ngati mabala oyera okhala ndi ufa pamwamba. Khoma lakale la laimu lipalidwe ndi kutsukidwa bwinobwino, apo ayi penti amamatuka pamodzi ndi laimuyo. Ngati m'munsi mwa khoma mumanyowa nthawi ya dzinja, konzani kaye gwero la chinyezicho. Penti sachiza khoma lonyowa.

Musanagule zitini zazikulu, gulani lita imodzi ya mitundu iwiri imene yakusiyani pakati. Pakani kawiri pa katoni woyera kapena chidutswa cha silingibodi chosachepera theka la mita mbali zonse, musiye chiume, chifukwa PVA akauma amadera pang'ono kuposa ali wonyowa. Chitsamiritseni kukhoma chitakhudza pansi kuti muone mmene chikukhalira ndi simenti kapena matailosi anu, kenaka chisunthireni pafupi ndi makatani. Chiyang'aneni mmawa, masana, ndi usiku pa babu lomwe mumagwiritsa ntchito. Mukasankha, lembani dzina ndi nambala ya mtunduwo pa chivindikiro, ndipo sungani theka la lita m'botolo lotseka bwino lodzakonzera pokalika.